Lilime la Atate

Kuchipatala anatiuza kuti kathumba kokuta mtima wa atate katupa. Kuwonjezera pa mapiritsi, tinkapitanso ku Kamwala kwa dokotala wa ku China amene anabwera ndi omanga njanji. Ine, wa Fomu 3, ndinkamasulira. Dokotalayo ankagwira mitsempha ya manja onse awiri, kuyang'ana lilime, kenako n'kutipatsa mizu yoti ndiziwiritsa mumphika wadothi.

Fungo la mizuyo linkakakamira pa yunifolomu yanga. "Iwe Febby, kwanu ku Kabwata muli na ng'anga?" anandiseka Regina m'kalasi. Sabata yonse imeneyo mizu ndinaibisa, atate n'kumawapatsa tiyi wopanda shuga.

Loweruka tinapitanso, atate akupumira m'mwamba. Dokotala anayang'ana lilime nthawi yaitali, kenako anafunsa m'Chingerezi ngati akumwa mankhwalawo. Funsolo ndinalimasulira ndine, motsitsa mawu.

Atate sanandiyang'ane. "Uwauze kuti ndine ndinakana, mwana wanga. Amawawa kwambiri."

Bodza lawolo ndinalimasulira osasintha kanthu. Titafika kunyumba ndinatsuka mphika uja ndisanavule n'komwe nsapato.