Kudikira Mwera Uleke

A Harold adakalamba akunyoza doko la Metangula. Zaka makumi awiri ndi zisanu adagwira ntchito m'chipinda cha injini cha sitima ya panyanja, ndipo atapuma ankangokhala pakhonde ku Monkey Bay n'kumalangiza alendo kopita. Mlendo akafunsa za madoko akale, yankho linali lokonzeratu: ku Nkhotakota kuli mbiri, ku Chipoka kudazizira, koma Monkey Bay ndiye mwini nyanja. Nanga Metangula, tsidya lija la Mozambique?

"Musadzivute, kuli fumbi ndi mbuzi basi."

Ankakweza mawu dala kuti akazi awo, a Leticia, amve. Kumeneko ndiye kwawo kwa mayiwo. Adathawako nkhondo ali mtsikana ndipo sadabwererekonso.

"Inu kwathu mudakuonera pa kazenera ka injini," ankatero a Leticia akuseka. Sankanama. Sitima ikaima pa Metangula, bambowo ankakhala pansi, manja ali bii ndi oyilo, osatsika ngakhale tsiku limodzi.

Chaka chatha mu Meyi, adokotala adanena kuti maso a mayiwo akuzima ndipo palibenso chochita. A Leticia sadalire. Adangoti, "Bambo, ndiperekezeni ndikaone kwathu maso adakalipo."

A Harold adayang'ana nyanja. Mwera unali utayamba, ndipo iwo ankaudziwa bwino: adaonapo amuna amphamvu akusanza mpaka kukomoka, akuitana amayi awo. Wantchito wa m'sitima sakweza mkazi wodwala pa mphepo yotere.

"Tidikire Okutobala nyanja igone. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Mwambi wouza munthu amene maso ake akutha umenewo? Koma iwo ankati akusamala mkazi wawo. Mu Julayi a Leticia adasiya kusoka. Mu Seputembala ankayenda mogwira khoma.

Adawoloka mu Okutobala, nyanja ili bata ngati madzi a m'beseni. Atatsika, a Harold adaima kakasi. Mapiri adatsetserekera m'madzi, nyumba zakale za Apwitikizi zidandanda m'mbali mwa gombe, madzi ali mbee mpaka miyala ya pansi ikuoneka. Mtima wawo udasweka, pakuti zonsezi ankaziona okha.

A Leticia adawagwira mkono, nkhope atalozetsa kolakwika, kumene kunali sitima.

"Tandiuzani, bambo, kuli bwanji?"

"N'kokongola, mayi," adatero a Harold, misozi ili chuchuchu. "Madoko onse ndidapitamo aja palibe lofika pano. Ngakhale kwathu komwe."

Mayiwo adawasisita dzanja monga mmene amatonthozera mwana.

"Ndinu munthu wabwino, a Harold. Koma musandinamize chifukwa cha chisoni."