Lamba wa Injini ndi Maso a Idesi

Abednego Chadza anabwerera ku Mitundu chaka chotsatira chisankho cha matipate, imvi zili mbuu, akuyendetsa pikapu ya manambala a ku Zambia. Anachoka ali mnyamata, mphunzitsi amene anayankha mwano achinyamata ogulitsa makadi a chipani, ndipo anakakalambira ku Kitwe pa ukalaliki wa ku migodi. Anapeza mitengo imene anaisiya m'mbali mwa dambo itapita ndi makala, mayi ake ali kumanda, ndipo mlongo wake yekhayo, Idesi, anamulandira pomupapasa nkhope. Diso la kumanja la Idesi linali litazimiratu. La kumanzere linkaonabe chithunzithunzi cha munthu akaima pakhomo.

"Ndinudi, achimwene? Mphuno ndi yomwe ija, koma masaya mwawasiya kuti?"

"Mudzawafunafuna nokha ndi maso. Ndikutengerani ku Nkhoma kwa madokotala, pa galimoto yangayi. Mukhala kutsogolo."

Ananena izi pakhonde, theka la mudzi likumva.

Sabata lomwelo paipi ya rediyeta inaphulika pa msika wa Mitundu, nthunzi kuti fuu. Atatsegula boneti anaonanso kuti lamba wa taimingi, uja wa mano amene amayendetsa mavalavu, wachita ming'alu. Lamba wotero akaduka galimoto ili pa liwiro, injini imadzitafuna yokha. Pikapu anaikokera kunyumba, koma Abednego sanade nkhawa. Sipanala ankadziwa kuigwira, ndipo lamba ndi paipi zatsopano anabwera nazo mu katoni, imene anaisungitsa m'nyumba mwa mlamu wake Yakobe, mwamuna wa Idesi.

Mu katonimo anapezamo mapepala okhaokha.

"Mphira uja?" anatero Yakobe, akusenda nzimbe. "Ndi wolimba zedi, alamu. Ndinaudula pawiri n'kumangira ng'ombe pagoli. Zingwe za khonje zinkangoduka."

"Nanga paipi?"

"Anabwereka amayi otcheza kachasu kuseriku. Ibwera, kungoti mwina yafupikako."

Abednego anali ataiwala kuti kwawo chinthu chongogona m'nyumba ya mbale chimakhala chikupempha ntchito, ndipo wochipezera ntchitoyo sapepesa. Anatseka katoni ija. Anali Yakobe yemweyu amene anakhoma bokosi la maliro a mayi a Abednego, mwini mbumba ali kutali akuwerenga nyuzipepala za eni.

"Musavutike," Yakobe anapitiriza. "Ndiwatengera pa ngolo mpaka kumsewu, kenako matola. Kufika tikafika."

"Mlongo wanga akwere matola, pakati pa mbuzi ndi matumba a makala, galimoto ili pakhomo? Anthu adzati ndinabwera ndi chiyani? Ndipatseni masiku ochepa."

Yakobe anayang'ana mkazi wake. Idesi anati, "Tidikire, abambo a Masozi. Achimwene anena."

Ku Lilongwe, masitolo a masipeya anamutchulira mitengo yoti munthu n'kufuna pokhala. Kwacha inali itagwa chagada. Pobwerera, atapanikizika mu minibasi, ankadziuza kuti kale munthu unkaopa kutsokomola koma basi inkafika nthawi yake; tsopano aliyense ankalankhula mpaka kusasa mawu, ndipo panalibe chimene chinkafika. Kenako anachita manyazi, poti iye amene anathawa kale limenelo ndiye ankalilakalaka.

Anthu anamulozera ku Nathenje kwa Che Salumu, amene kuseri kwa golosale yake kunali manda a magalimoto ogwa pa msewu waukulu. Anapita pa njinga ya Yakobe, lamba wakale ali m'khosi ngati mkanda.

"Ya ku Zambia?" anatero Che Salumu, akufukula mulu wa zitsulo. "Ndiye bwana munathawa ndi miyendo, mwabwera ndi matayala. Paipi nayi, ya minibasi imene inagona m'ngalande chaka chatha. Mukadule pang'ono, mukamange ndi waya."

"Waya? Makilampu mulibe?"

"Makilampu anapita ndi boma lakale."

Lamba analiponso, wogwirapo ntchito koma wooneka bwino. Abednego anaugundanitsa ndi wakale uja, mano kwa mano. Unaperewera dzino limodzi.

"Limodzi lokha? Inuyo m'kamwamo akusowa angati, koma simukudya?"

"Injini si m'kamwa, Che Salumu."

"Ndiye dikirani Hafizi, mlamu wanga wa lole. Akupita ku Joni. Akubweretserani weniweni, pa mtengo wa chibale."

Anadikira. Ulendo woyamba Hafizi anaiwala. Wachiwiri anabwera ndi lamba wa galimoto ina. Mvula inagwa, msewu wa ku Nathenje unasanduka phala, ndipo Abednego atamanga paipi ija anapeza kuti pampu ya madzi nayo ikudontha. Anabwereranso ku manda a Che Salumu kukasolola ina. Idesi anayamba kumanga kansalu kumutu, ati mutu ukuboola kuseri kwa diso. Yakobe anatchulanso za ngolo tsiku lina pobzala fodya, ndipo atayankhidwa kuti sabata yamawa, sanatchulenso. Munthu suumiriza mwini mbumba pa za mlongo wake, makamaka amene wangobwera kumene ndipo akufuna kulipira zaka zonse ndi ulendo umodzi.

Lamba weniweni anafika chimanga chitamasula ngaiyaye. Abednego anagona pansi pa pikapu patsinde pa mango, nalunzanitsa zizindikiro za pa magiya mofatsa ngati wolowetsa ulusi pa singano, nazunguza injini ndi dzanja kuti amve ngati pali pogunda. Panalibe. Anathira madzi mu rediyeta, waya uja anagwira. Atapotoza kiyi, injini inadzuka nthawi yomweyo, ndipo amayi amene ankachokera kumjigo analuluta.

Ku Nkhoma, dokotala, mayi wolankhula motsitsa, anaunika maso a Idesi ndi katochi nthawi yaitali.

"Si ng'ala iyi," anatero. "Ndi nthenda imene imaumitsa mtsempha wa diso pang'onopang'ono. La kumanjali linapita kalekale. La kumanzereli, mukanabwera mvula isanagwe, mankhwala odonthezera akanasungako kuwala kumene kunatsala. Tsopano tingoletsa ululu." Anayang'ana Abednego ndi Yakobe, amene anawaperekeza. "Munachedwa kuti?"

Abednego anatsegula pakamwa, koma Yakobe anamutsogolera.

"Mayendedwe, adokotala. Kwathu n'kovuta mayendedwe."

Pobwerera Yakobe anakwera kumbuyo, ngakhale kutsogolo malo analipo. Anatsika phiri la Nkhoma, nalowa msewu wa tala. Singano ya kutentha inaima pakati, osagwedezeka. Podutsa pa Nathenje, Che Salumu anatuluka m'golosale akukupiza chipewa, akufunsa ndi manja ngati ikukoka. Abednego anangoyang'ana kutsogolo.

Idesi anali atafumbata kabotolo ka mankhwala pamiyendo, nkhope ataitembenuzira kumene kunkachokera mphepo.

"Ikulira bwino galimoto yanuyi, achimwene. Ngati yatsopano."

"Eya."

"Ndi yamtundu wanji?"

"Yoyera."

"Oo," anatero Idesi. "Ine ndinkayesa ndi yobiriwira."