Fayilo ya Nasibeko

A Chikhasu analota ali ku ntchito, mu ofesi yaing'ono ya makompyuta. Pampando wawo panakhala munthu wopanda zikope.

“Ndine Womasulira,” anatero. “Ndimawerenga mzere umodzi, n'kuchita zomwe ukunena, kenako n'kupita pa wotsatira. Sindifunsa chifukwa. Ndipatseni fayilo.”

A Chikhasu anapisa m'thumba la malaya natulutsa fayilo yolembedwa dzina lawo. Inali yofunda ngati dzira loikiridwa kumene.

Womasulira anawerenga mzere woyamba, mazenera onse anatseguka. Anawerenga wachiwiri, madzi a mtsinje analowa mwakachetechete mpaka m'akakolo. Pa wachitatu anaima.

“Mzere uwu ukuitana fayilo ina. Yanuyi idikira mpaka inayo ithe. Inunso mudikira.”

“Ya yani?”

“Ya Nasibeko.”

Akazi awo, amene anawaika m'manda dzinja lapitalo, analowa atanyamula simbi yamakala. Anayamba kusita malaya a Chikhasu ali m'thupi momwemo. Simbiyo inali yozizira.

Simbi itafika pa kolala, Womasulira anati, “Mzere womaliza wa mayiwa ukuitana fayilo yanu.” Ndipo anayambiranso. Mazenera anatseguka, madzi anafika m'mawondo, Nasibeko wina analowa ndi simbi yake, woyamba uja asanachoke. Ulendo wotsatira analowa winanso. Onse ankasita, onse ankadikira.

Kuseri kwa khoma kunamveka mawu a mwana wawo wamkazi, Ndaziona. “Ababa, dzukani! Mukundiopsa.”

“Malo akutha,” anatero Womasulira. “Chipindachi chikadzaza, zonse ziima, ndipo simutulukanso.”

Nasibeko woyamba uja anaika simbi pamadzi, ndipo sinamire.

“Bambo a Ndaziona, fufutani mzere wondiitanawo. Munaulemba nokha. Mwana akukuitanani.”

“Kolala simunamalize.”

“Iii, liuma lanu lija mpaka m'tulo? Ine ndatopa, abambo. Ndikatsala pang'ono kupuma, mwandiitana.”

Madzi anali m'chifuwa. Womasulira anatembenuzira sikirini kwa iwo. Mzerewo unali waufupi, mawu awiri okha, ndipo batani lofufutira linali pansi pa chala chawo. Ndaziona anali kumenya khoma tsopano, koma zinkamveka ngati akumenya patsidya pa phiri.

A Chikhasu anayang'ana akazi awo onse, chipinda chodzaza, aliyense ndi chipsera chomwecho pachibwano. Anachotsa chala pa batani, naika dzanja m'madzi.

“Pitirizani,” anatero.

Chitseko chinatsegukanso.