Tsiku Limene a Kizito Anaboola Boti

Anthu akapuma pantchito amabwera kumudzi ndi malata, njinga, ena ng'ombe. A Kizito anabwera ndi boti. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ankayendetsa boti lamatabwa lonyamula anthu ndi katundu pakati pa Chipoka ndi Makanjira, ndipo eni ake atanena kuti lakalamba, aliwaze nkhuni, a Kizito anati bola ayambe awaza iwowo. Analikweza pa lole n'kukwera nalo msewu wa Khwekhwerere mpaka kumudzi kwa akazi awo, a Bernadetta, kuseri kwa Phiri la Dedza, kumene madzi ambiri amene munthu angaone ndi a mu ndowa.

Mudzi wonse unabwera kudzaseka, ndipo ine sindiwanena, chinali choseketsadi. Wotsogolera phwete anali mlamu wawo, a Ackim, mchimwene wa a Bernadetta, amene anakalambira kocheka matabwa a paini.

"Alamu, chigumula chake chibwera liti, tiyambiretu kusonkhanitsa mbuzi ziwiriziwiri?"

Komatu a Ackim omwewo ndiwo anabweretsa mitengo yokhazikapo botilo, pafupi ndi mtengo wa mapichesi, mapazi khumi kuchokera pakhomo la nyumba. Anathandizanso kukhoma denga la malata akale pamwamba pake.

A Kizito anayesa kugona m'nyumba sabata yathunthu, tulo osabwera. Bedi linawakulira, makoma anali phee ngati akuwakwiyira. Anatenga bulangeti n'kusamukira m'boti, ndipo anagona mpaka nkhuku kutopa n'kulira.

Kunena zoona, sindinaonepo nkhalamba yosangalala ngati imeneyo. M'mawa, chifunga chikadzaza chigwa chonse kuti mbee, ankakhala kutsogolo kwa boti atafunda jekete, n'kumayang'ana nsonga za mapiri zikusuzumira ngati zilumba. Dzuwa likatuluka, ntchito. Lero akusomeka thonje m'mipata ya matabwa n'kumata phula. Mawa akupaka oyilo wakuda pa mitengo ya pansi kuti chiswe chisakwere. Chitseko anachimangirira ndi mphira wa tayala, zenera linali galasi la minibasi yakufa ya ku Chimbiya. Pamene pankakhala injini, thadzi lina linayamba kuikirapo mazira, ndipo a Kizito ankalilonjera m'mawa uliwonse kuti ndi pasinjala yekhayo amene sadandaula.

Chimodzi chokha ndicho chinkawadya mumtima. A Bernadetta anali asanapondemo phazi m'botimo. Tiyi ankabweretsa, inde, ndi kachewere wootcha, koma ankaika pansi pa makwerero n'kuitana: "Bambo a Pilirani, uzani mkazi mnzangayo akumasuleni mudzamwe tiyi."

Mayi ameneyu analera ana asanu yekha, amuna awo akuonekera pa Khirisimasi ndi pamaliro basi. Tsopano abwerera, komabe akugona kwina. A Kizito anapala kabedi kachiwiri m'botimo, anayalapo mphasa yatsopano, anaikapo pilo. Ankafunitsitsa kuti akazi awo adzakhale nawo m'menemo, aone chifunga chija ali limodzi, ndipo ankawanyengerera ngati mnyamata wofunsira mbeta.

Tsiku lina a Bernadetta anatopa nako kunyengererako. "Chabwino. Igwe mvula yoyamba. Mphasa yanuyo ikakhala youma, ndikwera."

Apa ndiye a Kizito anachita ngati apenga. Anakwawa pansi pa boti masiku asanu ndi anayi, akugogoda thabwa lililonse, akumata paliponse pamene nyerere ingalowetse mutu. A Ackim anaima poteropo, manja kumbuyo.

"Alamu, malatawa ali ndi mabowo a misomali yakale. Kuno mvula imachokera kumwamba."

"Inu mumadziwa paini, ine ndimadziwa boti," anayankha a Kizito ali chagada, phula lili m'ndevu. "Boti limafera pansi."

Munthu wa panyanja ndi wotero. Moyo wake wonse mdani amabwera kuchokera pansi, ndiye kumwamba amangoyang'anako pofuna kuona nyengo.

Mvula inabwera Lachinayi masana, yamatalala, ya ku Dedza yeniyeni yosafunsa. Malata aja anadontha ngati sefa. Madzi analowa, ndipo atalowa anasowa potulukira, pakuti a Kizito anali atamata bwino kwambiri moti ngakhale dontho silikanathawa. Boti linasanduka beseni.

Poyamba anakondwa, ndisakubisireni. Anatenga bakuli n'kuyamba kukapa madzi, akuimba nyimbo zawo za panyanja, msana ukugwira ntchito ngati wa mnyamata. Madzi anafika mu akakolo. Thadzi lija linakwera pa chiwongolero likutukwana. Kenako anaona pilo wa a Bernadetta akudutsa pang'onopang'ono pafupi ndi bondo lawo, mphasa ikumutsatira pambuyo, ndipo nyimbo inathera pakhosi. Anakhala pansi pa kabedi konyowako, mtima utasweka.

Ndi pamene makwerero analira. Panatulukira mutu wofunda thumba la feteleza, kenako a Bernadetta athunthu, chitenje atachikwinyira m'mawondo, m'manja muli chobowolera matabwa cha a Ackim. Anaponda m'madzimo, nayang'ana uku ndi uku: mashelefu a makapu, galasi la minibasi, kabedi kachiwiri kaja.

"Boolani pansipa madzi atuluke," anatero.

A Kizito analandira chobowolera chija ngati alandira njoka. "Mayi a Pilirani, zaka zonsezi ine ntchito yanga inali yotseka mabowo. Boti lobooka si botinso."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinkakwera." A Bernadetta analoza matabwa a pansi. "Tsiku lililonse ndimakuonani mukumata pansi. Pano pali nyanja yanji? Ndimati madzi saiwala khwawa, bambowa akukonzeka. Tsiku lina lole idzabweranso, ine n'kutsala ndi mapichesi."

A Kizito anangoti kukamwa yasa. Miyezi yonseyi iwo ankamata kuti akazi awo abwere, pamene phula lomwelo ndilo linkawathamangitsa. Anachita manyazi, komanso anamva chisoni chachikulu pa mayi amene anawadikira mpaka imvi.

Anagwada m'madzi. Anapapasa ndi dzanja mpaka anapeza thabwa lapakati, lolimba kuposa onse, limene analisamala kuyambira ali ndi tsitsi lakuda. Anaikapo chobowolera n'kuyamba kupukusa. A Bernadetta anagwada nawo, n'kukanikiza pamwamba ndi manja awiri. Thabwa linakana, linakana, kenako linalola. Madzi anayamba kuzungulira n'kumatsika, akulira ngati mwana akumwa phala.

Kunja a Ackim, atabisala pansi pa botilo, anakuwa: "Alamu, mwandisambitsa! Boti lanu likukodza!"

A Bernadetta anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo a Kizito anaseka nawo, misozi ikusakanikirana ndi madzi a mvula.

Mvula itakata, dzuwa linatuluka pang'ono. Anayanika mphasa pa mtengo wa mapichesi, a Ackim ali padenga akumata mabowo a misomali ndi phula lotsala, pakamwa osatseka. A Kizito anayang'ana mphasa ikudontha.

"Pangano ndaluza. Mphasa yanyowa."

A Bernadetta anatsika makwerero n'kulowa m'nyumba. Patapita kanthawi anatulukamo atasenza mphasa yawo yakale, bulangeti lili kukhwapa, ketulo ili m'manja.

"Gwirani ketuloyi, bambo a Pilirani. Chifunga chanucho chimayamba nthawi yanji?"