Diresi Lopita ku Chunga

Tenti ya maliro inali isanathe kupasulidwa pamene takisi inaima pageti la nyumba ya ku Kabwata, hutala ili pipiii! Lubuto anasiya mipando imene ankasanja n'kupita kukaona. M'takisimo munatuluka mayi wamfupi wojintcha, tepi yoyezera zovala ili m'khosi, akukoka zikwama ziwiri zikuluzikulu.

"Iwe ndiwe Lubuto! Nakudziwila mapewa. Gwila ichi, mwana wanga. Ine ndine Rachael, telala wa ku Kamwala. Kumanda ninaliko, koma siinali nthawi yokamba za zovala. Manje Lachisanu lafika. Aitane onse!"

Lubuto analandira chikwamacho. Agogo ake, mayi Elizabeth Mulubwa, amene banja lonse linkangowatchula kuti Ambuya, anali ataikidwa m'manda Lolemba. Tsikuli linali Lachitatu. Lachisanu linali tsiku loti iye akalandire digiri ya uinjiniya, koma anali atauza kale abale kuti sapita. Akavala bwanji gauni popanda munthu amene anamulera kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, amene ankamuperekeza kusukulu atagwira ambulera yothyoka, n'kumakangana ndi makondakitala a minibasi kuti mdzukulu wake asapanikizidwe?

Pabalaza panali padakali mphasa ndi matilesi a anamfedwa. Rachael anagwada, napepesa maliro mwaulemu, kenako anatsegula zikwama zija n'kukhuthula. Panagwa mulu wa zovala za chitenje chimodzi, chobiriwira cha maluwa agolide, chilichonse chili ndi kapepala ka dzina kobayidwa ndi phini.

"Mayo ine!" anakuwa Emmy, mlongo wa bambo ake a Lubuto, atagwira kumutu. "Ivi n'vichani, ba Rachael?"

"Amai anu anabwela kwa ine mu Juni. Anakamba kuti mdzukulu wanga atenga digili, nifuna Lusaka yonse idziwe kuti ise ndise banja limodzi. Ananilumbilitsa kuti nisauze munthu."

"Nanga anatipima liti?"

"Kupima? Anali kunionetsa na manja chabe. Ati Emmy ali monga ine, koma kumbuyo uwonjezeleko zikhatho ziwili."

Chiseko chinaphulika m'nyumba imene kwa sabata yathunthu munkangomveka nyimbo za maliro. Emmy anaseka misozi ili mbwembwembwe, n'kuthamangira kuchipinda diresi lili m'manja. Atatuluka, linali litamukhala ngati anabadwa nalo. Anazungulira kawiri, azimayi akumuombera m'manja. Ana ake awiri ankalimbirana timalaya tawo, wina atavala kale chakumbuyo.

Phokosolo linakoka Dunstan, bambo ake a Lubuto, amene anali panja ndi amuna opasula tenti. Analowa nkhope ili gwaa.

"Emmy, n'chani ichi? Amai sanathe na sabata m'manda."

"Ni amai omwewo achita ivi, ba Dunstan. Valani shati yanu tione."

"Ati mimba yake inayamba chaka chatha, koma osamuuza," anatero Rachael, akumupatsa shatiyo.

Dunstan anayesa kulimba, koma milomo inamugonja. Anavala shatiyo pamwamba pa sikipa, namanga mabatani onse mpaka m'khosi. Inamukwana ndendende. Anayang'ana kudenga kwa kanthawi, akuphethiraphethira.

Mkazi wake, Cheryl, nayenso analandira lake, la manja aatali monga mmene iye amakondera. Lubuto analandira diresi lalifupi loti likalowe bwino m'kati mwa gauni. Analikumbatira pachifuwa, akununkhiza utsopano wa nsaluyo, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire Ambuya anamva kuti akufuna Lachisanu lifike.

"Ba dadi, nidzapita," anatero.

"Udzapita, mwana wanga. Makhadi olowela muholo ni awili, si ndiye? Limodzi langa. La Ambuya ako adzatenga amai ako aba," anatero akuloza Cheryl.

Pamphasa panatsala diresi limodzi. Onse anaganiza kuti linali la malemuwo. Emmy analinyamula mwaulemu n'kulitambasula. Linali lalitali, lopanikiza m'chiuno. Ambuya anali aafupi, onenepa ngati mtsuko. Emmy anatembenuza kapepala, nawerenga, n'kuyang'ana mchimwene wake.

"Palembedwa kuti Febby."

Lubuto anayandikira kuti aone kapepalako. Febby anali mayi ake omubereka. Anachoka pabanja Lubuto ali wamng'ono, napita ku Ndola ndi mwamuna wina, ndipo kuyambira pamenepo Dunstan analetsa dzinalo m'nyumba. Lubuto ankangomva mphekesera zoti anabwerera ku Lusaka ali yekha ndipo amakhala ku Chunga. Lolemba kumanda anaona mayi wamtali ataima patali pansi pa mtengo, koma pomwe mwambo unkatha anali atapita.

"Mwalakwitsa, ba Rachael," anatero Dunstan. "Amai sakanachita ichi. Munthu anasiya mwana akudwala chikuku! Nanga la amai lili kuti?"

"Lawo kulibe, ba Dunstan. Ninawafunsa, nanga imwe ba mayo? Ati nsalu yatha, ine nili na vitenje vambili. Ati khadi langa nidzapatsa Febby, akaone na maso ake mwana amene anabala. Ine nidzaimilila panja pa geti, nthungululu zanga zidzafika muholo, sizifuna khadi."

Emmy anatulutsa kamawu kosadziwika ngati n'kulira kapena kuseka. "Ndiye amai amenewo! Mwawamva, ba Dunstan? Ndiye amai!"

"Ine sinivomela. Zaka zonse izi ndani anavutika na uyu mwana?"

"Ni Ambuya," anayankha Lubuto. Sanayembekezere kuti mawu ake atuluka mokweza chotero. "Ni Ambuya anavutika, ba dadi. Ndipo ni iwo asoketsa ili diresi."

Anatenga diresilo m'manja mwa Emmy n'kulipinda bwinobwino.

Cheryl anayandikira mwamuna wake n'kumugwira pamkono, namuitana mwaulemu kuti Bashi Lubuto, ndiye kuti bambo a Lubuto. "Bashi Lubuto, ine nidzakhala panja na Emmy. Pamene pakanaimilila amai pafunika munthu. Musanichititse kukhala pampando umene iwo anapatsa wina."

Dunstan anatuluka panja. Lubuto anamuona pawindo ataima pafupi ndi mulu wa mapaipi a tenti, manja ali m'chiuno, shati yobiriwira ikuwala padzuwa.

"Nipita na minibasi," anatero Lubuto. "Koma nyumba siniidziwa."

"Ine niidziwa," anatero Rachael akudzuka kale. "Pa onse aba, amai ako okha ndiwo ninapima na tepi. Ambuya ako ananitenga okha kupita kumeneko."

Atafika pageti anapeza galimoto ya Dunstan italira kale, zitseko zili zotsegula.

"Kwelani," anatero osayang'ana munthu. "Na vikwama vanu, ba Rachael, simungakwele basi."

Emmy anadziponya kumbuyo asanaitanidwe, diresi latsopano lili m'thupi. Njira yonse, kudutsa m'tauni mpaka kulowa msewu wa ku Matero, iye ndi Rachael ankalandizana nkhani za malemuwo: mmene anathamangitsira wakuba ndi chipande, mmene ankavinira kutchalitchi mpaka duku kugwa, mmene anakakamizira dalaivala wa basi kubwerera pasiteshoni chifukwa mdzukulu anaiwala botolo la madzi. Dunstan ankangoyendetsa, koma pa nkhani ya basi anapukusa mutu n'kunena kuti, "Botolo linali langa. Ninali giledi fo. Mwasokoneza." Onse anafa nacho chiseko, Lubuto akuwerenga mitengo ya magetsi, diresi lili pamiyendo.

Ku Chunga anakhotera m'kanjira kafumbi n'kuima pa kanyumba ka zipinda ziwiri. Pakhomo panali tebulo la tomato ndi repu. Mayi wamtali amene ankawaza madzi pamasambawo anadzutsa mutu. Beseni linamupulumuka.

Lubuto anali atakonza mawu m'galimoto, koma onse anauluka. Anangotambasula manja, diresi lili pamenepo.

"Ambuya akuti muvale Lachisanu."

Febby anapukuta manja pachitenje kawiri, katatu. Sanagwire diresilo. Anagwira nkhope ya Lubuto ndi zikhatho zonse ziwiri, n'kuyamba kulira mokweza mpaka anthu oyandikana nawo anatuluka m'nyumba. Emmy anaimba nthungululu pakati pa msewu. Ana a m'deralo anathamangira kudzaona anthu ovala zofanana.

"Nimaganiza kuti vonse vapita nawo kumanda," anatero Febby akusisima. Kenako anaona Dunstan ataima pambali pa galimoto, ndipo anagwada pafumbi pomwepo. "Bashi Lubuto, pepani maliro. Pepani vonse."

"Nyamukani," anatero Dunstan. "Lachisanu tidzabwela kukutengani m'mawa. Musachedwe."

Febby anawalowetsa m'nyumba kuti akayese diresilo. Lubuto atangolowa anaima chilili. Khoma lonse la pabalaza linali iye yekhayekha: malipoti a kusukulu ojambulitsidwa pamakina, kuyambira giledi sikisi, chithunzi cha ubatizo, china ali mu yunifolomu ya kusekondale, china atavala chipewa cholimba cha pa ntchito yomanga. Zonse zinali m'mapulasitiki, zokhomedwa mwandondomeko.

"Mwezi uliwonse anali kubwela," anatero Febby chapansipansi. "Mabasi awili, na miyendo ija yotupa. Anali kukhala apa n'kuniuza vonse: wadwala dzino, wapambana masamu, wayamba kukonda mnyamata wa kwaya. Kukalipa anali kunikalipila maningi, osati pang'ono. Koma sanabwelepo manja chabe."

Kumapeto kwa mzerewo kunali msomali wopanda kanthu, wopindika, pulasitala itagumuka pang'ono mozungulira.

"Uwo anakhoma okha mwezi watha, na mwala. Ninati ba mayo, lekani niitane munthu wa hamala. Ati iyayi, apa ni pa chithunzi cha gauni, nifuna nikonzeletu."

Dunstan, amene anali ataima pakhomo, analowa pang'onopang'ono. Anayang'ana khomalo kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Atafika pa msomaliwo anaugwira ndi zala ziwiri ngati akufuna kuuwongola. Anaugwedeza pang'ono, napeza kuti walimba. Anausiya momwemo, n'kupukuta ndi chikhatho fumbi la pulasitala limene linali pansi pake.