Kachipewa ka pa Dzina la a Mbewe

Sabata imeneyo Rumbidzai anali atafika kale kawiri pawindo la ofesi yolembetsa ophunzira, ndipo kawiri konse anabwerako atanyamula mapepala ake ngati munthu wa tomato wosagulidwa. Lolemba anamubweza chifukwa pachithunzi chake khutu limodzi silinkaoneka. Lachiwiri mwini chidindo anali atapita kumaliro, chidindocho atachitsekera m'dilowa.

Chimene ankapempha sichinali chachikulu. Anali atatha chaka akuphunzira zamagetsi pa koleji ina ku Bulawayo, ndipo tsopano ankafuna kusamukira ku koleji ya kwawo ku Kwekwe kuti azigona kunyumba ku Amaveni. Bambo ake, a Yosiya, chifuwa cha fumbi la mumgodi chinali chitawafoola moti kunyamula ndowa ya madzi kunali kuwakanika. Mayi ake anamwalira kalekale. Mchimwene wake Praymore anali ku Joni, ndipo chithandizo chake chinali kufunsa pafoni ngati mdala akumwa mankhwala. Malo pakolejipo anatsala amodzi, ndipo ankamusungira mpaka Lachisanu 12 koloko masana. Akawaphonya, ndiye kuti abwerera ku Bulawayo n'kuwasiya bambo okha, apo ayi asiya sukulu.

Lachitatu anapeza pawindo pali Obert, kalaliki wa tayi yofiira amene ankanyambita chala asanatembenuze pepala lililonse. Obert anayala mapepalawo patebulo, nawayang'ana nthawi yaitali.

"Sisi, pane nyaya apa," anatero m'Chishona, kutanthauza kuti pali nkhani. "Ine ndikuona anthu atatu. Chitupa chikuti Mbeve. Setifiketi ya Fomu 4 ikuti Mbewe. Kalata ya ku Bulawayo ikuti Mbebe. Ndiye akufuna transifa ndi uti?"

"Ndine, mukoma. Onsewo ndine."

"Inu mukutero. Koma kompyuta sidziwa zimenezo."

Vuto lake linali lakale kuposa Obert ndi tayi yake. Pakati pa dzinali pali kaliwu kofewa kamene Achewa akale ankakalemba ndi w wovala kachipewa pamutu. Mshona akakamva amalemba v, chifukwa v wa kwawo amamveka choncho. Mndebele akakamva amalemba b, chifukwa naye b wake ndi wofewa chimodzimodzi. Kalaliki aliyense amene banjali linakumana naye analemba zimene khutu lake linamva, ali ndi chikhulupiriro chonse, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadzivutitsa kufunsa. Rumbidzai anayesa kufotokoza zimenezi m'Chishona, kenaka m'Chingerezi. Obert anamvetsera mwaulemu, n'kumuuza kuti abweretse afidaviti, kalata yolumbirira, yoti bambo ake akutsimikiza kuti atatuwa ndi mwana mmodzi komanso akunena dzina loona.

Lachinayi m'mawa anawaveka a Yosiya jekete yawo ya kutchalitchi n'kuwakweza kombi, minibasi yopita m'tauni. Kuchokera pamene anatsikira kukafika ku ofesi yolumbiritsira anapuma katatu. Mtima wa Rumbidzai unkawawa kuwaona akutsamira khoma la sitolo, mwamuna amene kale ankayenda wapansi kuchokera ku mgodi wa Gaika atagwira ntchito tsiku lonse.

Wolumbiritsa anali mayi wina wa magalasi olendewera pamphuno, Mai Dorah, ndipo panja pa chitseko chawo panali mzere wautali. Anataipa kalatayo mwachangu n'kuiwerenga mokweza. Inkati Mbeve, Mbewe ndi Mbebe ndi munthu mmodzi, ndipo dzina loona ndi Mbeve, monga zilili pachitupa.

"Gwirani Baibulo, sekuru, mulumbire," anatero Mai Dorah, kuwatchula agogo m'Chishona.

A Yosiya anabweza dzanja. "Ameneyo sindimudziwa."

"Ndani?" anafunsa Mai Dorah.

"Mbeve. Ine sindinabereke Mbeve."

Rumbidzai analowererapo. "Ababa, ndi pepala chabe. Sainani tizipita."

"Pepala chabe, koma Baibulo ali nalo apa. Ndine mkulu wa mpingo ine. Ndigwire Baibulo ndiname?"

"Nanga pachitupa chanu palembedwa chiyani? Si Mbeve yemweyo?"

"Analemba okha. Ine sindinalumbire."

Apa Rumbidzai anaiwala kuti pali anthu. Anawauza kuti wayenda sabata yonse ndi nsapato zake zomwezi, kuti mawa masana malo apita kwa wina, kuti iye akufuna kumawaphikira ndi kuwachapira pamene iwo akulimbana ndi kachipewa. Anawafunsa ngati kachipewako kadzawatungire madzi iye akabwerera ku Bulawayo. Mawu omalizawo anatuluka ndi misozi, ndipo anachita manyazi, komanso anakwiya kwambiri chifukwa cha manyaziwo.

A Yosiya anatsokomola kaye mpaka chifuwa chinakhazikika.

"Mwanawe, agogo ako anachoka ku Dedza ndi bulangete limodzi ndi dzina limeneli. Bulangete linatha ine ndili mwana."

Mai Dorah anayang'ana mzere wa panja, nayang'ana wotchi. Anatenga cholembera n'kukhwatcha Mbeve wa mzere womaliza.

"Sekuru, nyorai mega. Lembani nokha mmene mukulifunira, ine ndili ndi anthu."

A Yosiya analemba pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa mlomo, ndipo atamaliza anabwerera pakati n'kuika kachipewa kaja mosamala: Mbeŵe. Kenaka anagwira Baibulo n'kulumbira ndi mawu amphamvu amene Rumbidzai anali asanawamve kwa miyezi. Mai Dorah anasaina pambali pa chokhwatchacho, n'kudinda.

Njira yonse yobwerera Rumbidzai sanawalankhule. Anabwera kudzachepetsa mayina, ndipo ankabwerera atawonjezera limodzi.

Lachisanu anafika pawindo lija 11 koloko itadutsa, chifukwa magetsi anali atazima ndipo ofesi inachedwa kutsegula. Obert ananyambita chala. Anawerenga afidaviti ija, n'kuibweretsa pafupi ndi maso, n'kuyesa kukanda kachipewako ndi chikhadabo poganiza kuti ndi chitosi cha ntchentche.

"Sisi, Lachitatu munali atatu. Lero mwabwera anayi."

"Mukoma, chonde."

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi dzina langa," anatero Rumbidzai, ndipo anadabwa kumva kuti walitchula ngati mmene amalitchulira bambo ake.

Chinamupulumutsa n'chomwe chija chinamuzunza sabata yonse. Obert ankaopa chidindo kuposa mmene ankaopera Mulungu. Chimene chalumbiriridwa n'kudindidwa, anatero, chiyenera kulowa m'kompyuta monga chilili, osachotsera kapena kuwonjezera. Ndiye anayamba kusakasaka w wa chipewa. Anadina apa, anadina apo. Anaitana mnzake wa tebulo lina, amene anati mwina ndi Chifulenchi. Rumbidzai ankayang'ana wotchi ya pakhoma. Kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri, anakumbukira foni yake, anasindikiza chala pa w mpaka kachipewa kanatulukira, n'kumutumizira Obert chilembo chimodzi chokhacho. Obert anachikopera m'bokosi la dzina, ndipo kompyuta inavomera.

Makina osindikiza makhadi a ophunzira analira pakona, n'kulavula khadi lofunda. Obert analiyang'ana, nayamba kutsegula pakamwa. Rumbidzai analitsomphola asananene kanthu.

"Malo ndapeza kapena ayi?"

"Mwapeza, koma apa makina aja..."

"Zikomo, mukoma."

Analiwerenga ali m'kombi. Chithunzi chinali chake, makutu onse awiri akuoneka. Koma makinawo sankachidziwa chilembo chija, ndipo pamalo pake anaikapo chizindikiro cha funso. Pakhadipo panalembedwa kuti Rumbidzai Mbe?e. Anafuna kulira, anafuna kuseka, koma mphamvu ya zonsezo inali itamuthera.

Anawapeza a Yosiya atakhala pakhonde, atafunda jekete pamapewa. Anawaponyera khadilo pamiyendo.

"Ndiyamba Lolemba. Koma onani zimene mwandichita, ababa. Tsopano ndife asanu."

A Yosiya anavala magalasi awo, n'kuliyang'ana khadilo nthawi yaitali. Anayendetsa chala pa chizindikiro chija. Rumbidzai ankadikira kuti ayambe kudandaula, ndipo yankho anali atalikonza kale. Koma mdalayo anayamba kuseka, kuseka kwake kosakanikirana ndi chifuwa, mpaka maso analengeza misozi.

"Amene walemba apayu ndamukonda," anatero. "Zaka zonsezi chibwerere agogo ako, uyu ndiye woyamba kufunsa."

Rumbidzai anatenga ndowa imene inali pafupi ndi mapazi awo, yopanda ngakhale dontho, n'kupita kumpopi.