Pulagi ya Mano Awiri

Katoni ya asisi Jesca inafika Lachinayi, itayenda miyezi iwiri. Ukwati wa a Cynthia, mwana wa aphunzitsi a ku Tamanda, unali Loweruka, ndipo kanali koyamba kuti asisi apatsidwe mutu wa mkwatibwi. Tsiku lililonse ankandiuza kuti, "Lettie, ndikalakwitsa mutu umenewu, kusaluni kwanga sikudzabweranso munthu."

Pajatu asisi anaona dilaya youmitsira tsitsi ndi chowongolera chake pafoni, kwa wogulitsa wina wa kutsidya kwa nyanja. Mtengo unali theka la wa m'tauni, ndiye anauza aliyense, ngakhale amene sanafunse. Chimene sanauze anthu, koma ine ndikuuzani, n'chakuti anadzalipiranso yonyamulira, kenako msonkho, kenako ya basi kuchokera ku Lusaka. Amayi anachita kugulitsa matumba awiri a nshawa. Musakanene kuti mwamva kwa ine.

Dilaya yake inali yokongola, yapinki! Koma pulagi inali ya mano awiri opyapyala, osalowa pakhoma.

"Zazing'ono izo," anatero alamu anga a Goodson, amuna a asisi. Anadula pulagi ija ndi mpeni, kusenda mawaya, n'kuwatsindira m'soketi ndi timitengo ta machesi, monga amachitira ndi wailesi yawo.

Inalira bwinobwino, asisi mpaka kuvina. Kenako phu! Utsi, fungo la pulasitiki nyumba yonse.

"Atate a Emma, mwandipha ine!" asisi anakalipira amuna awo.

"Ndi malaiti awa, lero abwera amphamvu," anatero alamu, maso ali kumbali. "Bweretsani chinacho tiyese."

Ine ndinatuluka liwiro kupita kwa aneba athu a Fainess, amene amakonza mafoni ndi ma TV kumsika. Kunena zoona sindinapite kukaitana thandizo, ndinapita kukasimba. Koma nditangofika pa nkhani ya machesi, anasiya zochapa n'kundigwira dzanja. Tinapeza alamu mpeni uli kale pa waya wa chowongolera.

"A Goodson, ikani pansi mpeniwo, simukusenda chinangwa apa!" anakuwa a Fainess.

Anatembenuza dilaya ija n'kutionetsa timalemba tapansi. "Lettie, werenga."

"110V."

"Eya. Malaiti athu kuno ndi 230. Iyi anapangira dziko lina, kumene mphamvu yake ndi yochepa. Ngakhale mukanaika pulagi yabwino, ikanapsabe. Ndipo za machesizi musiye, mudzaotcha nyumba mwana ali m'kati."

Pa chowongolera panalembedwa 100–240V. "Ichi chili ndi mwayi, chimalola malaiti athu," anatero. "Chikungofuna adaputala, ndili nayo kushopu."

Asisi analembera wogulitsa uja. Anayankha mwaulemu kwambiri kuti tibweze dilayayo, yotumizira tilipire tokha, komanso waya ukhale wosadula. Tonse tinayang'ana alamu. Iwo anayang'ana denga.

"Mwana wanga, kugula kunja si tchimo," a Fainess anauza asisi. "Koma mtengo wa pafoni si womaliza. Ndipo chikafa, uyu ukamupeza kuti? Wa m'tauni ukhoza kumuimira pakhomo."

Lachisanu m'mawa alamu anatsogola okha kupita m'tauni kukagula dilaya ina, ife atatu pambuyo. A Fainess anauza mwini shopu kuti ayatse dilaya tonse tikuona, alembenso lisiti yonena kuti ikafa isanathe miyezi sikisi tibweze. Analipira ndi alamu, mwakachetechete. Pobwerera ndinamva asisi akuwanong'oneza kuti, "Ndinu abwino, koma mpeni ndibisa."

Loweruka a Cynthia analowa m'tchalitchi tsitsi lili see, azimayi akumvano mpaka kutembenuka pakati pa nyimbo. Tisanadye n'komwe, atsikana atatu anali atatenga nambala ya asisi.

Ndiye anzanga, musanatumize ndalama kunja, funsani mtengo wonse mpaka katunduyo afike m'manja mwanu. Onani ngati palembedwa mphamvu yogwirizana ndi malaiti athu. Funsaninso kuti chikafa mudzabweza kwa ndani. Ngati simukumvetsa, pitani kwa wodziwa musanalipire, osati utsi utatuluka.